Za Maloko a Memori Khadi ndi Fulashi: Otseka Ndithu ndi Ongopempha

Boma la Mwanza lili pa msewu waukulu wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa kunka ku Zobue, ku Tete ndi ku Harare, ndipo katundu wambiri wolowa m'dziko muno amadzera pa chipata chake. Pakati pa katundu ameneyu pali tinthu tating'ono toti nkubisika kuseri kwa chala, timene anthu amatitcha memori khadi, pamodzi ndi abale ake otchedwa fulashi. Tinthuti tafika ponseponse. Wogulitsa manachesi m'mbali mwa msewu amamvera nyimbo zochokera m'kakhadi kotere, ndipo mphunzitsi nayenso sangathe kutipewa, pakuti sukulu zambiri zakumudzi zilibe makina osindikizira. Mafunso a mayeso a pakutha pa teremu, ndandanda ya malikisi a ana ndi mapulani a ntchito zimayenda m'thumba la malaya kufikira zitapeza kompyuta ya mwini pa boma.

Mavuto amene amagwera wonyamula kanthu kotere ndi awiri, ndipo ndi otsutsana. Loyamba ndi lakuti kanthuko kamalola kulembedwa pamene mwini wake sakufuna: kompyuta ya m'sitolo imalowetsamo vairasi, mafaelo nabisika, kapena mnyamata wosindikiza amafufuta molakwa ntchito ya milungu itatu. Lachiwiri ndi lakuti kamakana kulembedwa pamene mwini wake akufuna, ndipo pa galasi la kompyuta pamaoneka mawu a Chingerezi akuti write protected. Mavuto awiriwa muzu wake ndi umodzi, ndiwo funso lakuti: kodi woletsa kulembayo ndani, ndipo amakhala pati?

Kuti funsoli liyankhike bwino, poyamba padziwike mmene tinthuti timasungira mawu. Mkati mwake mulibe chozungulira kapena tepi. Muli tizipinda tambirimbiri tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kamatsekera mphamvu yochepetsetsa ya magetsi, imene imakhalabe momwemo ngakhale magetsi akunja atazimitsidwa. Kuchuluka kwa mphamvuyo ndiko kumawerengedwa ngati 1 kapena 0, ndipo mawu onse, zithunzi ndi nyimbo zimasanduka manambala awiriwa. Anatulukira njira imeneyi ndi Fujio Masuoka, katswiri wa kampani ya Toshiba ku Japan, amene analengeza mtundu woyamba wotchedwa NOR m'chaka cha 1984 ndi wachiwiri wotchedwa NAND m'chaka cha 1987. Dzina lakuti flash anapereka ndi mnzake wa pantchito, Shoji Ariizumi, poona kuti kufufuta kwake kumachitika kamodzinkamodzi monga kung'anima kwa kamera. Pamenepa pali chinthu choyenera kuchigwiritsa. Mwana wolemba pa sileti akhoza kupukuta chilembo chimodzi ndi chala nasiya zinzake, koma fulashi siyitero: imafufuta chigawo chathunthu nthawi imodzi, ndipo pofuna kusintha liwu limodzi iyenera kukopera kwina zonse za m'chigawomo. Kufufuta kulikonse kumaperesa tizipindato pang'ono. Ta mtundu wa NOR timapirira kufufutidwa nthawi pafupifupi 100,000, koma ta m'makhadi otsika mtengo timatopa msanga kwambiri. Chotero lamulo limodzi lolakwika likhoza kusesa zambiri m'kamphindi, ndipo ichi ndicho chifukwa chake opanga tinthuti anaganiza za maloko kuyambira pachiyambi.

Akuluakulu amene anakula ndi makaseti akudziwa loko woyamba wa mtunduwu. Kaseti, imene kampani ya Philips inatulutsa m'chaka cha 1963, inali ndi timapulasitiki tiwiri m'mphepete mwake, ndipo wofuna kusunga nyimbo zake ankatithyola kuti patsale mabowo. M'wailesi ya kaseti munali kachitsulo kofufuza bowolo. Kakalowamo, batani lojambulira linkakana kutsika ngakhale munthu alikanikize motani. Anyamata ochenjera ankatseka bowolo ndi kapepala kapena selotepi najambula nyimbo zatsopano pamwamba pa ulaliki wa bambo awo. Koma chofunika kuchiona ndi ichi: kaseti payokha sinkaletsa kanthu. Inkangoonetsa chizindikiro, ndipo woletsa anali wailesi.

Memori khadi lalikulu, lotchedwa SD, limene makampani a SanDisk, Panasonic ndi Toshiba analengeza m'chaka cha 1999, linatengera mwambo womwewo. Kumanzere kwake kuli kabatani kotsetsereka, ndipo pambali pake panalembedwa liwu lakuti Lock. Anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amakhulupirira kuti kabatanika kamadula magetsi mkati mwa khadi. Si choncho ayi. Munthu atang'amba khadi lakufa adzapeza kuti kabataniko ndi kapulasitiki chabe, kosalumikizana ndi waya aliyense. Pa timizere tachitsulo 9 timene tili kumsana kwa khadilo palibe ndi kamodzi komwe kokhudzana nako. Khadi lenilenilo silidziwa n'komwe ngati kabatani kake kali kumwamba kapena kumunsi.

Makolo anali ndi mwambo wofanana ndi umenewu. Aulendo akatsogolako, ankati akafika pa mphambano naika nthambi yamasamba kapena kulemba mzere ndi phazi pa njira imene sanailowe, kuti obwera m'mbuyo asasokere; uku ndiko kunali kutseka njira. Nthambiyo inkagwira ntchito yake bwino lomwe, koma kwa munthu yekha wodziwa mwambo ndi woulemekeza. Mbuzi inkangoilumpha. Kabatani ka pa khadi ndi nthambi yotere. Uthenga wake umadzera m'manja ambiri usanafike pochitika. M'kabowo kolowetsamo khadi muli kaswichi kachitsulo kamene kamakhudza m'mbali mwa khadilo nikazindikira pamene kabatani kali. Kaswichiko kamauza kachipangizo koyang'anira kabowoko, ndipo kachipangizoko kamauza pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver, imenenso imauza pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, monga Windows kapena Linux. Yaikuluyo ndiyo imakaniza mwini kompyuta kulemba. Pakasowa mmodzi pa mzere umenewu, chiletso chonse chagwa.

Liwu lakuti driver liyenera kuimiridwa pang'ono, pakuti mphunzitsi adzafunsidwa ndi ana. M'Chichewa linalowa kale ngati dalaivala, woyendetsa galimoto, ndipo palibe cholakwa kulitchula motero. Koma ntchito ya dalaivala wa m'kompyuta imafanana kwambiri ndi ya womasulira pa bwalo la milandu. Pulogalamu yaikulu imalankhula mawu wamba: sunga ichi, werenga icho. Chipangizo chilichonse chili ndi chilankhulo chakechake cha manambala, chosiyana malinga ndi kampani imene inachipanga. Dalaivala ndiye amaima pakati, kutembenuza mawu a mbali zonse ziwiri. Ndipo monga womasulira wosakhulupirika akhoza kupotoza mlandu onse awiri osadziwa, momwemonso dalaivala wolembedwa molakwa, kapena wouzidwa kuti asasamale za kaswichi, adzalemba pa khadi lokhomedwa popanda chomuletsa. M'Linux muli ngakhale njira yovomerezeka youzira dalaivala kuti pa makina akutiakuti asafunse za kaswichiko, chifukwa makina ena alibe, ndi ina yomuuza kuti atembenuze yankho lake, chifukwa opanga ena analumikiza mawaya chagada.

Zotsatira zake kwa mphunzitsi ndi zoonekeratu. Zowerengera makhadi zina zotsika mtengo zilibe kaswichi, ndipo khadi lokhomedwa likalowa m'menemo limalembedwa ngati losakhoma. Zina kaswichi kake kanapindika, kotero kuti khadi lililonse limaoneka lokhomedwa; apa wolakwa si khadi, ndipo kuligula lina ndi kutaya ndalama. Kakhadi kakang'ono ka m'foni, kotchedwa microSD, kamene kukula kwake ndi mamilimita 15 m'litali ndi 11 m'lifupi, kalibiretu kabatani. Kabatani kamapezeka pa adaputala imene kakhadiko kamavala polowa m'kabowo kakakulu, ndipo adaputala ikakalamba kabatani kake kamakhwepa nikatsetsereka kokha pamene akuikankhira mkati. Madandaulo ambiri akuti khadi ladzikhoma amathera pomwepa, ndipo mankhwala ake ndi adaputala ina, kapena kaselotepi konga ka anyamata a makaseti aja. Komabe kabatanika si kachabe. Pa kompyuta yabwino ndi chowerengera chabwino kamateteza ndithu ku dzanja lolakwa ndi ku mavairasi wamba, amene amapempha kulemba kudzera mwa dalaivala monga pulogalamu ina iliyonse. Mphunzitsi wopita kukasindikiza mafunso a mayeso achita bwino kukatsitsa asanapereke khadi lake.

Windows nayo ili ndi ziletso zakezake zimene sizikhudza khadi konse. Woyang'anira kompyuta akhoza kuilamula kuti isalembe pa fulashi iliyonse, ndipo maofesi ena amachita zimenezi poopa kubedwa kwa zinsinsi. Ikhozanso kuika chizindikiro pa fulashi imodzi kuti ndi yongowerenga. Kuzindikira chiletso chotere n'kosavuta: fulashi yokana pa kompyuta imodzi nilola pa ina ilibe mlandu.

Tsono alipo maloko enieni, okhala mkati mwa khadi momwe. Khadi la SD lili ndi kaundula kakang'ono kotchedwa CSD, mmene munalembedwa za kukula ndi liwiro lake, ndipo m'kaundulamo muli malo awiri a chiletso. Ena ndi a chiletso chakanthawi, chimene chikhoza kuikidwa ndi kuchotsedwa. Ena ndi a chiletso chamuyaya, chimene chikaikidwa sichichokanso. Ngakhale kampani imene inapanga khadilo ilibe lamulo lochibweza. Apa wokana ndi khadi lenilenilo, ndipo dalaivala angalamule motani silimvera. Palinso loko wachitatu wa mawu achinsinsi, osapitirira mabaiti 16, amene amaletsa kuwerenga komwe. Woiwala mawuwo watsala ndi njira imodzi yokha, ndiyo lamulo lofufuta zonse mokakamiza, limene limabweza khadi koma lopanda kanthu. Chodabwitsa n'chakuti maloko amphamvuwa anthu wamba sawafikira, pakuti zowerengera zambiri zolumikiza pa USB sizidutsitsa malamulo ake, ndipo mapulogalamu odziwika alibe batani lake. Loko wooneka ndi maso ndi wofooka, pamene wolimba anabisika.

Pali kudzikhoma kwina kumene kuyenera kumveka ngati belu la chenjezo. M'khadi ndi m'fulashi iliyonse muli kachipangizo koyang'anira, kamene kamagawa ntchito mofanana pa tizipinda tonse ndi kupatula totopa. Kakaona kuti tizipinda tosinthira tatha, kapena kuti kaundula wake wamkati wasokonezeka, kawirikawiri kamaleka kulandira zolemba kuti kapulumutse zimene zilimo kale. Mwini wake amayesa kufomata, amapita kwa wokonza mafoni, amayesa makompyuta atatu, koma yankho ndi lomwelo. Nthawi imene akutaya pofuna kuitsegula ndiyo anayenera kukopera zonse kwina, pakuti fulashi yofika pamenepa ili pafupi kuleka ngakhale kuwerengeka.

Nkhani ya maloko imakula kwambiri ikafika pa kachipangizo kena kamene ogwiritsa kompyuta ambiri sanakaonepo. Pa bolodi lalikulu la kompyuta pali kafulashi ka mtundu wa NOR, kawirikawiri ka miyendo 8, kosunga pulogalamu yoyamba kudzuka munthu akayatsa makina, imene imatchedwa BIOS. Pulogalamuyi ikawonongeka, kompyuta siyaka n'komwe, ngakhale ziwalo zina zonse zili zamoyo. Kale inkalembedwa kamodzi ku fakitale osasinthikanso. Opanga atayamba kugwiritsa fulashi kuti azitha kukonza zolakwa, anatsegulanso khomo kwa adani. Vairasi yotchedwa CIH, imene inalembedwa ndi wophunzira wina wa ku Taiwan m'chaka cha 1998, inadzuka pa 26 Epulo 1999 nifufuta chiyambi cha madisiki, ndipo pa makompyuta ena inalembanso zinyalala m'kafulashi ka BIOS. Anthu anaitcha Chernobyl, chifukwa tsikulo linali lokumbukira ngozi ya mu 1986. Makina ambiri, makamaka ku Asia, anafa tsiku limodzi.

Tifulashi ta masiku ano ta mtunduwu tili ndi zitseko zitatu zotsatana. Choyamba: tisanalembedwe kapena kufufutidwa, dalaivala ayenera kutumiza lamulo lapadera lopempha chilolezo, ndipo chilolezocho chimatha ntchito imodzi ikachitika, kotero kuti phokoso la magetsi othimathima lisatengedwe ngati lamulo. Chachiwiri: m'kaundula wake muli malo osonyeza gawo lotetezedwa, kaya theka, kaya limodzi la magawo anayi, kaya kafulashi konse, ndipo lamulo lolemba m'gawo limenelo limangonyalanyazidwa. Koma dalaivala amene angathe kulemba m'kaundula angathenso kuchotsa chiletsocho, ndipo vairasi yolanda mphamvu za dalaivala ingachite chimodzimodzi. Pachifukwa ichi pali chitseko chachitatu. Mwendo umodzi wa kafulashiko umatchedwa WP; malo ena a m'kaundula akaikidwa, ndipo mwendowo ukalumikizidwa ku mbali yopanda mphamvu ya magetsi, kaundula yense amauma, osasinthikanso ndi lamulo lililonse. Uwu ndiwo mpiringidzo weniweni, pakuti woufuna kuchotsa ayenera kufika ndi manja pa makinawo. Makompyuta oyambirira a Chromebook, amene anayamba kugulitsidwa mu 2011, ambiri anali ndi kamsomali kopota kapena kolumikizira kena pa bolodi kogwira ntchito imeneyi, ndipo wofuna kusintha pulogalamu yoyambayo ankayenera kutsegula chikuto ndi kukachotsa. Wakuba wa kutali, wodzera pa intaneti, sangamasule msomali.

Olemba madalaivala amapeza vuto lenileni pamenepa. Tifulashi ta makampani ena timadzuka tili tokhomedwa nthawi iliyonse magetsi akayatsidwa, pofuna kudziteteza pamene mphamvu isanakhazikike, ndipo dalaivala akapanda kutitsegula makina sangasunge kanthu. Kwa zaka zambiri dalaivala wa Linux ankangotsegula tifulashi ta makampani otere konsekonse pa kudzuka. Koma tina timakumbukira chiletso chake ngakhale magetsi atazima, ndipo chiletso chotero chimakhala choikidwa dala ndi mwini makina; dalaivala wochichotsa osafunsa anali ngati mlonda wotsegula nkhokwe zonse m'mawa chifukwa imodzi inali ndi chitseko chodzitseka chokha. M'chaka cha 2021, pa Linux 5.11, panaikidwa kusankha kwa mitundu itatu: kutsegula zonse monga kale, kutsegula zokhazo zodzikhoma pa kudzuka, kapena kusakhudza kalikonse.

Kulakwa kwa mbali inayo kunaonekanso. Mu Okutobala 2017 munatuluka Ubuntu 17.10, mtundu wina wa Linux, uli ndi dalaivala watsopano wofikira kafulashi ka BIOS pa makina a Intel. Pa malaputopu ena, makamaka a Lenovo, dalaivalayo anasiya kafulashiko kali kokana kulembedwa. Eni ake anapeza kuti zosintha zawo m'BIOS sizikusungika, ndipo ena sanathenso kudzutsa makina kuchokera pa fulashi, imene ikanakhala njira yokonzera. Kampani ya Canonical inaimitsa kugawa pulogalamuyo mu Disembala, nitulutsa yokonzedwa mu Januwale 2018. Panalibe mdani aliyense pa nkhaniyi. Loko anangogwa pa nthawi yosayenera.

Zonsezi zikanaoneka zakutali pakadapanda kuti makina afika m'kalasi. M'chaka cha 2023 boma la Malawi, mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, onebillion ndi VSO, linayamba ntchito yotchedwa BEFIT, yopereka matabuleti ophunzirira kuwerenga Chichewa ndi masamu kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, kuyambira ndi sukulu 500. Tabuleti, monganso foni, imasunga zonse m'fulashi yomatiriridwa pa bolodi. Pa makina a Android gawo losunga pulogalamu yaikulu limatsegulidwa longowerenga, ndipo kuyambira pa Android 7.0, ya mu 2016, makina atsopano amayesa gawolo pa kudzuka nakana kuyaka bwino akapeza kuti lasinthidwa. Ichi n'chabwino kwa chipangizo chogwiridwa ndi ana ambiri tsiku lililonse. Mtengo wake ndi wakuti chikavuta, mphunzitsi wa ku Thambani sangachikonze yekha, ndipo wokonza mafoni wa pa msika wolonjeza kuchitsegula akhoza kuchipha. Safunsa anadya phula. Chipangizo cha sukulu chibwezedwe kwa amene ali ndi makiyi ake.

Chatsala ndi chinthu chimodzi chimene loko aliyense wa pa fulashi sachita, ndicho kusonyeza kuti munthu anasintha kanthu. Dziko lino linaphunzira kulemera kwa nkhaniyi pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019, pamene mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti, ndipo china chinachitika pa 23 Juni chaka chomwecho. Mlanduwo unatheka kuzengedwa, mwa zina, chifukwa pepala limasunga chipsera: utoto woyera unkaoneka, ndipo oweruza anatha kuuona ndi maso awo. Ndandanda ya malikisi ya m'fulashi ilibe chipsera chotere. Wina akakweza kabatani, nasintha 38 kukhala 83, nakatsitsanso, faelo imaoneka yoyera monga poyamba, ndipo ngakhale tsiku losonyeza pamene inasinthidwa limatengedwa ku wotchi ya kompyuta, imene munthu akhoza kuibweza m'mbuyo.

Pachifukwa chimenechi rejisitala yolembedwa ndi inki, yosainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, idakali mboni yoposa fulashi pa mlandu wa malikisi a mwana, ndipo pepala losindikizidwa tsiku lomwe malikisi atsirizidwa liyenera kusainidwa ndi kusungidwa mu ofesi. Fulashi yosiyidwa m'kabati zaka zingapo osalumikizidwa imatayanso pang'onopang'ono mphamvu ya m'tizipinda take, makamaka pa malo otentha monga pansi pa malata m'mwezi wa Okutobala, ndipo zimenezi zimachitika kabatani kali kumunsi kapena kumwamba. Zolemba zofunika zikhale m'malo awiri osiyana, ndipo kamodzi pa teremu zitsegulidwe kuti zionedwe ngati zikuwerengekabe.